A Nyowetsani ndi Ndege Yawo ya Masana

Malemu a Nyowetsani sankadutsa paipi osaigwira. Kaya ndi paipi ya madzi kuseri kwa tchalitchi, kaya ya galimoto ya mlendo amene wangoima kuti afunse njira, iwo ankaima, n'kuikapo kuseri kwa dzanja monga amachitira mayi pamphumi pa mwana wodwala, kenako n'kupukusa mutu. Paphewa lakumanzere pankakhala chisanza chonyowa, chilimwe ndi dzinja, moti malaya awo onse anali ndi banga pamalo amodzimodzi. Dzina lawo lenileni linalipo, ndipo abusa analitchula pamaliro, koma anthu anayang'anana ngati alowa maliro a munthu wina.

Kutamanda munthu amene wagona n'kosavuta, chifukwa sangadzuke kuti atsutse. Pano sitiwatamanda. Anali munthu wamakani, wosamva za anzake, wobwereka zinthu n'kuzibweza zili ndi mabowo. Koma anamanga ndege kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ndegeyo sinaphe munthu. Amene akudziwa kulemera kwa mawu amenewa ndi mlamu wawo, Atelala.

Ali mnyamata, a Nyowetsani ankakonza mainjini pabwalo la ndege zing'onozing'ono zopopera mankhwala m'minda, ndipo oyendetsa ndegezo ankawakweza n'kuwagwiritsako chiwongolero. Atapuma pantchito anabwerera kwawo ndi bokosi la masipanala ndi nthenda imodzi: kufuna ndege yawoyawo. Injini anaichotsa m'galimoto yomwe inagundidwa kumbuyo. Mapiko anawapanga ndi matabwa opyapyala, ndipo poti mapiko otere amakutidwa ndi nsalu, anapita kwa mchimwene wa akazi awo, Atelala, munthu wofatsa wosokera pakhonde pa sitolo, amene chinthu chachikulu kwambiri chomwe anasokapo chinali tenti ya ukwati.

"Alamu, tengani tepi mukandiyezere phiko."

"Phiko la chiyani?"

"La ndege. Mukuganiza kuti ndamera langa?"

Madzulo a tsiku lomwelo mlongo wawo wa Atelala, akazi a a Nyowetsani aja, anabwera pakhondepo, nakhala pa benchi la makasitomala, manja ali pamiyendo.

"Achimwene, musoke mwachinyengo. Ulusi ukhale wowola. Akaona nsalu ikung'ambika asiya zimenezi."

"Ikang'ambika ali pansi, zili bwino. Nanga ikang'ambika ali m'mwamba?"



"Ndiye musoke bwino. Koma mundilonjeze chinthu chimodzi. M'nyumba mwanga musatuluke munthu wokafera mumlengalenga. Wanga akafuna kufa adzafere pabedi, ine ndili pompo."

Atelala analonjeza, osadziwa kuti lonjezo lotere munthu amalisunga bwanji ndi singano ndi sizasi. Anasoka mapikowo bwino kuposa suti ya mkwati, akudandaula pa msoko uliwonse. Ndipo amene anawasungira lonjezo lawo kwa zaka zambiri anali petulo.

Kuseri kwa fakitale ya njerwa yomwe inatsekedwa kalekale kuli bwalo lalitali. Kumutu kwake kuli mtengo wa mango, chapakati pali uvuni wogumuka, kumapeto kuli chulu, ndipo kuseri kwa chulu kumayamba nyumba za anthu ndi msika. Kumeneko ndi kumene ankayesera ndege, ndipo ankaiyesa mwanjira imodzi yokha. Dzuwa likafika paliwombo, nthawi imene ngakhale agalu amakana kudzuka, ankamangirira mchira wa ndege kumtengo, n'kuliza injini mpaka itenthe. Kenako ankaizimitsa, n'kukhala pansi kumwa tiyi. Akatha tiyi ankailizanso, kumasula chingwe, n'kuithamangitsa pabwalo.

"Tiyiyu si wanga," ankatero. "Ndi wa injini. Ikazima, mphepo ya pulopela imaleka, kutentha konse kumatsalira m'katimo n'kumaphika mapaipi. Ndikufuna ndione zimene ichite ikaphikidwa."

Tsiku loyamba kunasonkhana anthu ngati kuli mpira. Atelala anapatsidwa ambulera, ndowa ya madzi ndi thumba la zidutswa za nsalu zotsala posoka, osauzidwa ntchito yake. Tiyi atatha, injini inalira, chingwe chinamasulidwa, ndege inayamba kuthamanga fumbi lili koboo. Atelala anatseka maso. Atawatsegula, ndege inali kutsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya, ndipo isanafike n'komwe pa uvuni inazima. Mwini wake anatsika, anatsegula chophimba injini, anaika kuseri kwa dzanja pa kapaipi kamkuwa, n'kukuwa mawu amene anawapatsa dzina.

"Nyowetsani! Alamu, nyowetsani!"

Atelala anathamanga ndi ndowa, madzi akuwatayikira pathalauza. Anakulunga paipiyo ndi zidutswa zonyowa, zina za diresi la mayi abusa, ndipo patapita kanthawi injini inaliranso ngati palibe chimene chachitika.

"Yadzuka," anatero Wometa, amene anali atasiya kasitomala ali ndi theka la ndevu kuti adzaonerere. "Kwerani muuluke tsopano, tione."

"Yadzuka chifukwa cha chisanza. Petulo si madzi, Wometa. Madzi amadikira moto kuti awire, koma petulo amawira ndi dzuwa lomweli. Akawira m'paipi amasanduka nthunzi, ndiye injini imayamwa nthunziyo. Inu mungakhute ndi fungo la nyama?"

"Ndiye bwanji osauluka m'mawa kukuzizira?"

"M'mawa idzauluka, ndikudziwa. Idzakwera bwinobwino, inu mudzaomba m'manja. Kenako idzatentha ili m'mwamba, ndipo m'mwambamo petulo sachedwa n'komwe kuwira. Galimoto ikazima umaiimika pambali pa msewu. Inu kumwambako munaonako pambali pa msewu? Nanga alamu angawa ndi ndowa yawoyi adzandipeza bwanji?"

Anthu anaseka, ena kuseka yankho, ena kuseka munthuyo. Atelala okha sanaseke. Anali atangozindikira kuti pali mnzawo wowathandiza kusunga lonjezo, ndipo mnzawoyo anali kuwawotcha pamutu.

Kuyambira pamenepo moyo wa a Nyowetsani unasanduka nkhondo ndi paipi imodzi. Anaichotsa pafupi ndi ekizozi n'kuidutsitsa kwina. Anaiveka nsalu yokhuthala, imene Atelala anaisoka ngati mkono wa jekete. Anatenga zivundikiro zonse za mapoto a akazi awo n'kuzikhomerera pakati pa ekizozi ndi paipi kuti zitchinge kutentha, moti kwa chaka chathunthu mapoto a m'nyumbamo ankavundikiridwa ndi mbale.

"Abambo, chivundikiro cha poto wamkulu chili kuti?" ankafunsa akazi awo.

"Chili pantchito."

"Ntchito yake ndi pa poto."

"Chakwezedwa pantchito."

Pampu ya petulo, imene poyamba inali pamwamba n'kumakoka kuchokera kuthanki ya kuseri kwa mpando, anaitsitsira pansi pa thanki. Ankati pampu yoyamwa imathandiza petulo kuwira, yabwino ndi yokankha. Pambuyo pake anaganiza zoti pampu yeniyeni ndi imene Mulungu anaika pansi pano, yoti chilichonse chimatsika chokha, ndiye thanki yonse anaikweza m'phiko. Atelala anasula msoko umene ankaunyadira mwakachetechete n'kusokanso. Koma kuseri kwa injini kunali chitsulo chopingasa, ndipo paipi inkakwera pang'ono kuti ichidumphe isanatsikenso. Pamenepo a Nyowetsani ankapatchula kuti linunda.

"Thovu limakonda pokwera, alamu. Likafika pa linunda limakhala pansi ngati mlendo amene wamva kuti m'nyumba mwaphedwa nkhuku."

Choopsa chinali chakuti zonsezi zinkathandiza. Chaka china ndege inafika pa uvuni. Chaka chotsatira inaudutsa. Kenako inayamba kukazimira pafupi ndi chulu, mchira utadzuka kale pansi. Atelala, munthu wopemphera wosajomba kutchalitchi, anadzipeza akuyang'ana kumwamba m'mawa uliwonse woyesa ndege n'kumaopa mitambo. Abusa akamapempherera mvula, ameni wawo ankatuluka mochedwa ndiponso motsika.

Nthenda ya mapaipi sinathere kubwalo. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, akwati anadikira padzuwa pamene bambo a mkwatibwi anali chagada pansi pa galimoto yobwereka, suti ili m'fumbi. Mlaliki wina mlendo atasowa mawu pakati pa ulaliki, n'kuima kukamwa kuli yasa, a Nyowetsani anatembenukira kwa Atelala n'kunong'ona monga amanong'onera anthu ogontha pang'ono, mpingo wonse ukumva.

"Awira."

Kwa amene amathira petulo anali mliri. Ankanunkhiza chigubu asanalole kuti athiremo, n'kunena kuti petulo wa mwezi uno ndi wopepuka, sachedwa kuuluka, amusunge adzagulitse kwa anthu a njinga zamoto. Komabe ambulansi ya chipatala, imene inkazima pachitunda masana alionse otentha, inasiya kuzima iwo atasuntha paipi imodzi ndi kuiveka chivundikiro cha ketulo. Izi tazinena chifukwa zinachitika.

Ambulansi yomweyo ndi imene inawanyamula mtima utayamba kuvuta. Atelala atapita kukawaona anawapeza atagona chagada, maso ali pa kapaipi ka diripi. Namwino anali kuyeza wodwala wa bedi linalo.

"Mwana wanga, paipi iyi mwaikoloweka pachitsulo. Yakwera kenako yatsika. Taonani kathovu aka."

"Agogo, gonani."

"Ndigona mukakachotsa."

Namwinoyo anabwera, anakagogoda ndi chala, kathovu kanakwera. Anawongola paipi ija, ndipo a Nyowetsani anatseka maso ngati munthu amene wapambana mlandu. Kenako anagwira mkono wa mlamu wawo.

"Linunda lija ndaliganizira. Paipi idutse pansi pa chitsulo, itsike yokhayokha mpaka kuinjini. Bwanji sindinaganize kale?"

"Muchire kaye, alamu."

"Koma muyese masana."

Anamwalira patapita masiku ochepa, m'mawa kukuzizira. Wometa anati chimenecho ndi chinthu chokhacho chimene munthuyo anavomera kuchita m'mawa. Akazi awo analira monga amalirira munthu amene wakhala ndi mnzake kuyambira pa utsikana, koma Atelala atawayandikira anawagwira dzanja mwamphamvu.

"Pabedi, achimwene. Afera pabedi."

Atelala anamva katundu amene anasenza zaka zonsezo akutsika paphewa. Anagona tulo tabwino kwa masiku angapo. Kenako mwana wachisamba wa malemuwo, amene onse amangomutchula kuti Dalaivala chifukwa amayendetsa malole aatali opita kunja, anabwera pakhonde pa sitolo n'kukhala pa benchi lomwe lija.

"Amalume, ndege ija ndiiulutsa ndisanabwerere kuntchito."

Singano inaima.

"Iwe ndege unaiphunzira kuti?"

"Mnzawo wa abambo, wa kubwalo la ndege kuja, wakhala akundiphunzitsa. Ndikudziwa kukwera, ndikudziwa kutera. Ndinyamuka m'mamawa, dzuwa lisanatuluke bwino."

"Bambo ako sankayesa m'mawa."

"N'chifukwa chake anthu ankawaseka. Ndinakula ndikutchulidwa mwana wa a Nyowetsani. Pamaliro pomwe paja anthu amaseka kuseri kwa nyumba, ine ndikumva. Ndege ija ndi yabwino, amalume. Abambo anali ndi luso, koma anali amantha. Ndikufuna izungulire msika kamodzi kokha, Wometa aione."

Atelala anayang'ana mwana wa mlongo wawo, munthu wamkulu wa ndevu zake, amene anali ndi chibwano cha bambo ake ndi makani awo omwe. Kumuletsa kunali kumukankhira m'ndegemo. Anaganiza zopita kukadula nsalu ya phiko ndi sizasi, koma anadziwa kuti Dalaivala angoimata n'kuuluka ndi chigamba. Lonjezo silinanene za mwamuna yekha. Linati munthu wa m'nyumbamo.

"Uulutse," anatero potsiriza. "Ine sindikuletsa. Koma ndege ija ndi ya bambo ako, ndipo mapiko ake ndi anga. Uiyese kaye monga ankaiyesera mwini wake. Ikapambana masana, m'mawa mwake ndidzakumasulira chingwe ndi manja angawa."

"Ikapambana simudzabweza mawu?"

"Unandimvapo ndikubweza mawu?"

Tsikulo kunacha ndi mitambo. Atelala anaima pakhomo akuiyang'ana ngati ikuwachitira dala. Mlongo wawo anakana kupita kubwalo, anangokhala m'khitchini chitseko chili chotseka. Chakumasana mitambo inang'ambika, dzuwa linatuluka, koma linali dzuwa laulesi, losafanana ndi la masiku akale. Anthu anabwera ambiri kuposa tsiku loyamba lija. Atelala anabwera ndi ambulera, ndowa, thumba la zidutswa ndi fulasiki.

Dalaivala anamangirira mchira, analiza injini. Inalira mosalala, mokoma, ngati yakhala ikudikira munthu wachinyamata. Itatentha anatulutsa mutu.

"Mwamva, amalume? Masulani."

"Zimitsa. Tiyi."

"Sindimwa tiyi masana."

"Si wako."

Anakhala pansi pa mtengo. Atelala anathira tiyi pang'onopang'ono, anauzira, anapsontha, anauziranso. Sanamwepo tiyi mochedwa chonchi chibadwire. Wometa anafunsa ngati akudikira kuti tiyiyo amere mizu. Kapu itatha, panalibenso chochedwera.

Injini inalira pa kamodzi. Atelala anamasula chingwe. Ndege inanyamuka ndi liwiro, inadutsa uvuni osatsokomola ngakhale pang'ono, mchira unadzuka, anthu anayamba kukuwa. Atelala sanatseke maso ulendo uno. Anaona matayala akupepuka, akudumphadumpha pa udzu, ndipo anayamba kuganiza zimene akanene pakhomo la khitchini lija.

Pamenepo ndege inatsokomola. Inatsokomolanso kawiri, inalira pang'ono ngati yasintha maganizo, kenako inangoti zii. Pulopela inazungulira mwaulesi n'kuima. Ndege inagudubuzika yokha mpaka tayala lakutsogolo linakagunda chulu mofatsa, monga mbuzi yodzikanda.

Anthu ankadikira mawu amene anazolowera kumva pa nthawi ngati imeneyi, ndipo panalibe wowanena.

Atelala ananyamula ndowa n'kuyenda, osathamanga. Anapeza Dalaivala atatsika kale. Anali atatsegula chophimba injini, kuseri kwa dzanja kuli pa linunda, koma maso ake sanali pa paipi. Anali kuyang'ana kuseri kwa chulu, kumene kunali madenga a nyumba, zovala zoyanika, ndi azimayi a pamsika atakhala pansi pa maambulera awo.

"M'mawa ikanadutsa apa," anatero Dalaivala motsitsa mawu.

"Ikanadutsa."

"Ikanazimira apo."

"Mwina apo. Mwina patsogolo pang'ono, pa sukulu."

Thukuta linali kutsika m'ndevu za Dalaivala.

"Amalume," anatero, "nyowetsani."

Atelala anaviika chidutswa m'ndowa, anachifinya pang'ono, n'kuchiika pakhosi pa mwana wa mlongo wawo. Paipi inakhoza kudikira.

Pobwerera, Dalaivala ndi Atelala akukankha ndege, Wometa anayamba kunena kanthu kokhudza mwana wa a Nyowetsani. Dalaivala anaima n'kumuyang'ana.

"Ndine amene. Mwafuna chiyani?"

Wometa anagwira phiko n'kuthandiza kukankha.

Kunyumba Atelala anagogoda pa chitseko cha khitchini n'kunena kuti onse abwera ndi miyendo yawo. M'katimo munamveka mbale ikugwa pa poto, kenako mawu a mlongo wawo ofunsa ngati tsopano angalandire zivundikiro zawo.

Poti Atelala sadziwa kubisa, anamuuza Dalaivala za linunda ndi zimene bambo ake ananena m'chipatala. Iye anamvetsera, n'kunena kuti adzakonza akadzabwera pa tchuthi, ndipo kuti adzayesa masana. Anakonzadi. Tsopano petulo akuwirira pa sefa yomusefa asanalowe m'injini. Amabwera mwa apo ndi apo, amasuntha kanthu kamodzi, amamwa tiyi amene samukonda, ndege imakazimira pa chulu, iye n'kubwerera ku malole ake. Pakati pa maulendowo nkhuku zimaikira pa mpando wa woyendetsa.

Masana a kuno tsopano ndi aatali. Palibe injini yodzutsa makanda, palibe fumbi lolowa m'mabotolo a Wometa. Mlendo amaima kufunsa njira n'kupita galimoto yake osagwiridwa ndi munthu. Mlaliki akasowa mawu, anthu a mabenchi akumbuyo amayang'anana, milomo ikugwedera, koma palibe amene amanena. Pansi pa makina a Atelala thumba la zidutswa ladzaza mpaka kusefukira, chifukwa amene ankabwera kudzasankhamo zokhuthala sabweranso, ndipo iwo sakudziwa kuti zidutswa anthu ena amazitaya kuti.

Lamulungu lina, potuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, Atelala anazungulira kuseri kumene kuli mpopi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuika kuseri kwa dzanja pa paipi. Inali yotentha kwambiri. Anaima pamenepo kanthawi, akusowa womuuza.